Mafunso a Chipata cha Sukulu

Anakumana pakashopu kokonzera mafoni, pafupi ndi pokwerera basi. Mtsikanayo, mphunzitsi wa masamu pasukulu ya atsikana, anabwera ndi foni yosweka galasi.

"Galasili ndikonza pompano, achemwali," anatero mnyamata wapashopuyo. "Nanga mtima wanga mwauswawu akonza ndani?"

Mtsikanayo anaseka mpaka mpango kutsetsereka kumutu. Mwezi usanathe, mameseji anali mbwee! "Wadzuka bwanji, duwa langa? Ine ndi iwe mpaka imvi." Ngakhale bambo ake a mtsikanayo, omwe ankaitanira anthu kumapemphero pamzikiti, anati mwanayu ndi waulemu.

Koma mnyamatayo atapeza anzake atsopano pa intaneti, nthabwala zinatha. Kumzikiti anasiya kupitako, ati akumeneko ndi amantha.

"Siya ntchito," anatero tsiku lina. "Atsikanawo ukuwasocheretsa. Dzikoli lavunda, lifunika moto."

"Moto? Iwe, amene ananditumiza kusukulu ndi bambo anga, Msilamu kuposa iwe ndi anzakowo!"

Anakhala milungu itatu osalankhulana. Kenako Loweruka masana mnyamatayo anatulukira kunyumba, mawu ali ofewa ngati kale.

"Ndinalakwa, mtima wanga. Ndizidzakutenga kuntchito. Kodi mlonda amachoka nthawi yanji pachipata? Nanga ana amasonkhana pabwalo nthawi yanji?"

Mtsikanayo misozi yachimwemwe inalengeza. Kodi wake uja wabwerera? Mnyamatayo atapita kukasamba m'manja, foni yake inawala patebulo: "Mkaziyo wanena za chipata? Katundu wafika. Lolemba."

Mtsikanayo anawerenga uthengawo. Ndiye kuti "mtima wanga" yonseyi inali kiyi wa chipata chabe?

Sanakuwe. Anamuperekeza mpaka pamsewu akumwetulira, kenako anathamangira kwa bambo ake n'kuwafotokozera zonse.

"Mwana wanga, ukudziwa kuti sadzakukhululukira?"

"Ndikudziwa, bambo. Ndimamukondabe. Koma m'kalasi mwanga muli ana makumi anayi ndi awiri. Valani nsapato, tipite kupolisi."

Apolisi anamugwira mnyamatayo tsiku lomwelo pamodzi ndi anzake anayi.

Lolemba makolo ambiri anaopa, ndipo m'kalasi munabwera atsikana asanu ndi awiri okha. Mphunzitsiyo analowa maso ali otupa, n'kutola choko.

"Aphunzitsi, tidikire anzathu?" anafunsa wakutsogolo.

"Ayi. Atipeza m'njira. Tsegulani mabuku."