Mawu Amene Adelina Anasunga mu Mtondo

Adelina anali mkulu wanga. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti atate asapite.

Tinkakhala kufupi ndi Vubwi. Atate, a Damiano, ankaphikira wansembe wa ku Falansa. Kumeneko anatola timawu tachifalansa.

Chaka china kunabuka nkhondo. Amuna anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali. Atate nawonso anatengedwa.

Adelina analira. Analira mpaka mamina!

"Tonthola, mwanawe," anatero atate. "Ndikusiyira mawu. Arrivera. Ndiye kuti adzafika."

"Ari-VEE-ra," anatero Adelina.

Atate anaseka. "Wakoka pakati ngati Chichewa. Afalansa aja amagunda kumapeto. Patse munsi."

Mwamuna pa mtondo! Amayi anaseka, misozi ili m'maso.

Atate anagunda katatu pang'onopang'ono. Kachinayi anagunda mwamphamvu. Du, du, du, DU!

"A, rri, ve, RA! Zidutswa zinayi. Wamva?"

"Ndamva, atate. A, rri, ve, RA!"

"Undisungire mawu amenewa."

Atate anapita.

M'mawa uliwonse Adelina ankasinja. Du, du, du, DU! Anzake ankamuseka. "Tamverani, Adelina akusinja chizungu!" Iye ankangosinja, akutchula mawu aja. Pakamwa pake panali potanganidwa.

Mvula inagwa, inaleka. Inagwanso, inalekanso. Amayi anasiya kuyang'ana kunjira. Adelina sanasiye kusinja. Ankaopa kuti akaiwala mawu, atate sadzafika.

Tsiku lina Adelina anali pa mtondo. Du, du, du...

Munsi unaima m'mwamba. Pabwalo panali munthu wachilendo. Anali wowonda. Anali ndi ndevu zambiri. Anatsamira ndodo. Ine ndinabisala kumbuyo kwa amayi. Adelina anachita mantha.

Munthu uja anakweza ndodo yake. Anagunda pansi kamodzi. DU!

Adelina anataya munsi. Chimanga chinamwazika. Nkhuku zinachita phwando.

"Atate! Atate!"

"Eya, mwanawe. Ndafika. Wandisungira bwino."

Tinakhala tonse pa mphasa. Amayi anakazinga nsawa. Adelina anagwira mkono wa atate. Sanausiye mpaka dzuwa kupendeka.

Tsopano ndakalamba. Adelina ndimamusowa kwambiri. Chifalansa sindichidziwa ayi. Ndimadziwa kaliwu kamodzi kokha. Koma ndikamva mtondo, ndimaima. Ndimawerenga. Du, du, du. Ndiyeno ndimadikira kachinayi.