Uthenga Umene Wailesi ya Bennet Inakana

Miriam anamudziwa Bennet pa kashopu kake ku Limbe, komwe ankathirira anthu nyimbo m'mafulashi. Bennet anali dalaivala wa minibasi. Pamsewu ankalalata ngati wina aliyense, koma akangoima pamaso pa Miriam, lilime linkamangika!

"Asisi, mundithirireko za kwaya," anatero tsiku loyambalo, maso ali pansi.

Posakhalitsa "asisi" aja anasanduka "Mimi wanga", ndipo madzulo Miriam ankakhala kutsogolo popita kwawo ku Chitawira. Koma mawu enieni aja, amene mtsikana amawadikira, Bennet sanawatulutse. Kodi ankadikira chiyani munthuyu?

Tsiku lina anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Mimi, wailesi ya m'galimoto ikundikanira kanthu kena. Ndinajambula pa foni n'kuika mu fulashi, koma ikungolemba kuti 'unsupported format'."

Miriam anatsegula pa kompyuta, n'kuphulika kuseka.

"Iwe, wangosintha dzina lokha, eti? Kulemba mp3 kumapetoku sikusintha kanthu. Wailesi yako imadziwa MP3 yeniyeni, pomwe foni imasunga mawu mwa mtundu wina. Dikira ndikusinthire."

"Koma Mimi... usamvetsere, chonde."

Atabwezeretsa dzina lakale, fayiloyo inasinthika bwinobwino. Tsono wothira nyimbo aliyense amayesa kachiyambi kokha, kuopa kuti kasitomala angabwerenso akukalipa. Dzanja linangopita lokha pa mahedifoni mwa chizolowezi.

"Duwa langa, kuwala kwa maso anga, ine tulo sindikupeza chifukwa cha iwe..."

Miriam anazimitsa pomwepo. Duwa? Iye sanatchedwepo duwa! Ndipo zikanakhala zake, akanamuletseranji kumva? Mtima unamupweteka koopsa. Ndiye kuti wakonza ndi manja ake uthenga wa mkazi wina!

"Tenga. Izilira tsopano," anatero osamuyang'ana.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kukwera maminibasi ena. Mameseji ankangogwa.

"Mimi wanga, ndakulakwira chiyani? Ndakusowa."

"Kafunse duwa lako."

"Duwa lake liti? Ndikulumbira, kupatula iwe ndilibenso wina!"

Miriam analira mpaka maso kutupa.

Lachisanu kunagwa chimvula. Miriam anathamangira minibasi imene inali pafupi, ndipo atapanikizika kale kumbuyo m'pamene anaona khosi la dalaivala. Mayo ine, anali Bennet! Naye anali atamuona pagalasi.

Atangotuluka mu Limbe, Bennet anadina batani la wailesi, nyimbo ya kwaya inaduka.

"Duwa langa, kuwala kwa maso anga..."

Anthu anayamba kuseka. Miriam anafuna kutsika. Kodi kumupweteka kamodzi sikunakwane? Koma mawuwo anapitirira, akunjenjemera.

"Pamaso pako ndimalephera kuyankhula, ndiye ndati wailesi indithandize. Miriam, Mimi wanga, ndilole nditume amalume kwanu. Ndikulonjeza, sindidzakusiya. Ukhale mkazi wanga."

Miriam anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Ha, kupusa kwake! Sabata yonse ankadzichitira nsanje mwini wake yemwe!

Mayi wina wonyamula thumba la kabichi anatembenuka.

"Miriamuyo ali muno? Ayankhetu, ena tikutsika posachedwa!"

"Ndine, amayi," anatero motsitsa mawu.

"Mwana wanga, kweza mawu. Dalaivalayo angatigwetsere m'ngalande ndi mantha!"

Miriam anapukuta misozi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Bennet! Auze amalumewo abwere. Ndavomera!"

Nthungululu zinang'amba minibasi. Kondakitala anamenya denga ngati ng'oma, abambo ena akuimba mluzu. Bennet, ndi chimwemwe, anapitirira masiteji awiri osaima.

Otsika pamenepo anabwerera wapansi m'mvula, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anadandaula.