Ndalama ya Sosaiti ya Gogo Easter

"Sharleen, ndalama iyi si ya tomato, si ya kombi, si ya foni. Ndi ya sosaiti. Ukaikhudza, wanditaya ndili moyo."

Anatero Gogo Easter uku akumasula mfundo ya pachitenje. Miyendo inali itawatupa, moti sankathanso kuchoka ku Zengeza 1 kukafika ku Unit O, kumene sosaiti ya maliro inkakumana mwezi uliwonse. Udindo wokapereka ndalamayo anausiya m'manja mwa mdzukulu wawo, amene anamulera chimwalirireni mayi ake.

"Ndazvinzwa, Gogo," Sharleen anavomera m'Chishona monga mwa masiku onse, maso ali pafoni.

"Wamva iwe, kapena yamva foniyo? Tatchera khutu. Anzathu a kuno akamwalira amawanyamula kupita nawo kumudzi kwawo. Ife kwathu n'kuti? Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata, anafera papulazi m'dziko la eni lino. Mudzi wathu ndi sosaiti. Iwo ndi amene adzagule bokosi ndi kubweretsa basi, iwo ndi amene adzandiimbire m'chinenero changa. Ukadumpha miyezi itatu amakufufuta, sayang'ana nkhope."

Gogo anali munthu wamantha. Ankaopa makombi, maminibasi aja othamanga pa Seke Road, ankaopa madzi a kuchitsime, ankaopa ngakhale mlendo woseka kwambiri. Ndiye machenjezo awo Sharleen ankangowamva ngati wailesi ya kwa aneba.

Mtsikanayu ankagulitsa zovala za kaunjika pamsika wa ku Seke. Belo ankatenga pangongole kwa Mai Rumbidzai, n'kumabweza akagulitsa. Koma tsiku lina atadula zingwe za belo, munatuluka majekete olemera okhaokha, dzuwa likuswa mtengo. Ndani angagule jekete thukuta likutsika? Chifukwa cha manyazi sanakanene kwa Mai Rumbidzai. Anapita kwa Pearson wa chimbadzo, katapila uja ndalama yake imabereka sabata iliyonse. Imene anabwereka inangokwanira theka la ngongole ya belo. Ngongole inali imodzi, tsopano zinakhala ziwiri.

Gogo sankadziwa kuwerenga, koma nkhope ya munthu ankaidziwa. Anaona kuti mdzukulu wawo akusiya chakudya m'mbale, ndipo foni ikalira akuthamangira kuseri kwa nyumba. Anamufunsa mpaka anaulula.

"Njira zilipo, mwanangu," anatero Gogo. "Pita kwa Mai Rumbidzai dzuwa likuwala, ukawauze zoona. Adzakukalipira, koma kukalipa sikutyola fupa. Foniyo gulitsa, umutseke pakamwa Pearson. Munthu amene uja ndimamuopa, amaseka ndi mano okha."

"Gogo, foni ndi shopu yanga. Makasitomala azionera pati zovala? Ndiye mukuti ndikagwade pamsika, anthu onse akuona?"

"Maondo anawapangira chiyani?"

Sharleen anaziganizira njira ziwirizo, zonse zinamuwawa. Kugulitsa foni kunali ngati kudzidula dzanja. Kupita kwa Mai Rumbidzai ndiye kuti msika wonse udziwa lisanalowe dzuwa. Pearson yekha ndi amene ankalankhula zozuna. "Usadandaule, sisi," ankatero. "Uzingobweretsa ya pamwamba. Mutu wake tidzaona." Tsiku la sosaiti litafika, Sharleen anaima pamphambano ndalama ya Gogo ili m'manja. Mwezi uno wokha, anadziuza. Sanakhotere ku Unit O, analunjika kwa Pearson.

Mwezi uno wokha uja, ana inu, uli ndi abale ake. Wachiwiri unabwera, wachitatu unatsatira, ndipo ngongole ya Pearson inali pomwepo, osasuntha.

"Wapereka?" Gogo ankafunsa.

"Ndapereka."

"A Hezekiah ali bwanji? Chifuwa chija chinawasiya?"

"Ali bwino. Akupereka moni."

A Hezekiah anali wapampando wa sosaiti, mnzawo wa Gogo kuyambira kupulazi. Tsiku lina anamupeza Sharleen pamsika. "Mdzukulu wa Easter, bwanji sitikukuona?" Iye analonjeza kuti abwera Lamlungu likudzalo, n'kuwapempha kuti asawavutitse Gogo popeza sakupeza bwino. Lamlungulo linadutsa.

Gogo anamwalira m'mawa wina mvula itangoyamba, ali pakhonde, lichero la nyemba lili pamiyendo. Sharleen anathamangira ku Unit O tsitsi lili nyankhalala. A Hezekiah atamva anavula chipewa n'kukhala pansi.

"Mwana iwe," anatero, "dzina la Easter linachoka kale m'buku. Lamuloli tinaliika tonse, ndipo Easter anali woyamba kukweza dzanja. Ndikalithyola lero, ndidzawauza chiyani ena amene tinawabweza akulira? Ineyo ndibwera. Koma bokosi ndi basi, ayi."

Foni ija Sharleen anaigulitsa tsiku lomwelo, pamtengo wongotaya. Ndalama yake sinakwane bokosi. Masana, msika uli wodzaza, anakagwada pamaso pa Mai Rumbidzai n'kufotokoza zonse kuyambira pa belo.

"Majekete?" Mai Rumbidzai anagwira pakamwa. "Iwe Sharleen! Ukanangowabweza kwa ine. Ndikanawasunga mpaka nyengo yozizira, anthu amachita kulimbirana. Ali kuti?"

"Anatenga Pearson. Ndi tebulo logulitsirapo lomwe."

Mayiyo anapukusa mutu. Anamugulira bokosi la matabwa osapala, n'kumuuza kuti adzalipira pomugwirira ntchito yosankha zovala, ngakhale zitenge chaka.

Maliro ananyamuka pa kalole kakang'ono ka aneba. Amayi okalamba a sosaiti anafika panyumba, koma popanda basi sakanatha kukafika kumanda. Anatsala pageti, akuyang'ana kalole kakugwedezeka m'matope.

Kumanda anthu anali owerengeka. A mpingo anaimba nyimbo ziwiri za Chishona, kenako bokosi linatsitsidwa. Pamenepo a Hezekiah anasendera kutsogolo, chipewa chili pachifuwa, n'kuyambitsa nyimbo ya Chichewa imene Gogo ankakonda kuimba akamachapa. Inali nyimbo yofuna wotsogolera ndi ovomera. Anaimba mzere woyamba ndi mawu osasa, n'kudikira. Kunali zii. Anabwerezanso, chifuwa chikuwatsamwitsa, ndipo anatembenuka kuyang'ana Sharleen.

Sharleen anatsegula pakamwa. Nyimboyo anakula akuimva m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba, koma mawu ake sanawasunge ngakhale amodzi. Anangoima choncho, pakamwa pali yasaa, mpaka anyamata anayamba kuponya dothi.