Munthu Wonyowa mu Mpata wa Todra

Bassou ananyamuka m'tauni ya Tinghir dzuwa litalowa kale. Tiyi wa kwa mlamu wake ndiye anamuchedwetsa, kapu pamwamba pa kapu, paja sutsanzika kwa eni ketulo isanaume. Chonsecho usiku womwewo inali nthawi yake yothirira. Kumudzi kwawo madzi a m'ngalande amayenda mosinthana, munda ndi munda, ndipo ukaphonya udikira masiku khumi ndi awiri. Mbande zake za kanjedza zinali zitayamba kale kufota.

Choncho anasiya msewu wakumtunda n'kudulira mu mpata wa Todra, momwe matanthwe amakupanikiza uku ndi uku. Anayang'ana kumwamba, nyenyezi zokhazokha. Iye pokhala mkamwini wokulira kunyanja, akanadziwa bwanji kuti mvula yopha anthu mumpata imagwa kumapiri akutali?

Ali pakati penipeni anamva mapazi kumbuyo. Thapa... thapa...

Anacheuka. Munthu! Khasu paphewa, mkanjo ukuchucha madzi... m'dziko loti chaka chonse silinaone dontho.

"Mtendere ukhale nanu," anatero Bassou.

"Ukuthamangira madzi, m'bale? Madziwo ndiwo akukuthamangira. Kwera."

"Koma mbande zanga zifa!"

"Kwera!"

Dzanja linamugwira pamkono. Lozizira ngati mwala wa m'chitsime. Linamukokera pa kanjira ka mbuzi. Bassou anakwera chokwawa. Mphepo inanunkha matope. Kenako mkokomo... Chigumula! Madzi anadzaza mpata wonse, akugubuduza miyala pomwe iye anaima poyamba paja.

"Ukamuuze Tudert," munthuyo ananong'ona, "kuti ndinangotsala pang'ono kufika."

Bassou anatembenuka. Panalibe munthu.

Anafika kunyumba kukucha, nthawi yake ya madzi itadutsa, mtima ukuwawa chifukwa cha mbande. Mkazi wake Tudert, amene iye anamukwatira ali wamasiye, anali pakhomo, maso ofiira chifukwa chosagona. Bassou anafotokoza zonse, mpaka uthenga uja.

Tudert anangoti pansi khwatha.

"Ameneyo ndi Addi, mwamuna wanga woyamba. Madzi anamukokolola mumpatamo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, akuthamangira kudzathirira munda womwewu. Mtembo wake sitinaupeze."

Anagwira mkanjo wa Bassou mwamphamvu, misozi ili chuchuchu.

"Mbandezo zisiyeni zife, bambo. Munda umenewu unandidyera kale mwamuna mmodzi."