Fanuel Akulira Kuti?

Lettie amakhala ku Chileka. Lettie amafuna kuuluka ngati ndege.

Tsiku lina Amayi anakwera kabaza. Ankapita kumsika wa ku Lirangwe.

"Lettie, uziyang'ana Fanuel," anatero Amayi. "Asalowe m'munda."

Fanuel ndi mchimwene wake wamng'ono. Koma miyendo yake, mayo! Siikhala pansi. Ndipo nyumba yawo ili pakati pa chimanga. Uku chimanga, uko chimanga.

Vuuu! Ndege inadutsa m'mwamba. Lettie anatambasula manja. Anazungulira. Anazunguliranso. Anazungulira mpaka anagwa, phii!

Nyumba inkazungulira. Mtengo wa mango unkazungulira. Ngakhale nkhuku zinkazungulira!

Nanga Fanuel? Fanuel panalibe.

"Achemwaliii!" Fanuel analira m'munda.

Lettie anadzuka. Anafuna kuthamangira kumanja. Miyendo inamutengera kumanzere.

"Achemwaliii!"

Tsopano mawu anachokera kumbuyo. Lettie anatembenuka. Ayi, akuchokera kutsogolo!

"Fanuel, uli kuti?"

"Kuno!"

"Kuno kuti?"

"Kunooo!"

Iii, koma abale! Kuno kwake kuti? Lettie analowa m'chimanga. Anapita uku. Anabwerera uko. Anadzandira. Anawomba phesi. Mawu nawo ankangozungulira.

Lettie anasokonezeka. Lettie anachita mantha. Akawauza chiyani Amayi? Misozi inalengeza m'maso.

Chizungulire chinamukhazika pansi. Anagwira dothi ndi manja onse. Anapuma. Anadikira.

Chimanga chinasiya kuzungulira. Mitambo inasiya kuzungulira. Mutu unakhazikika.

"Fanuel, itananso," anatero Lettie.

"Achemwaliii!"

Eyaa! Mawu anachokera mbali imodzi yokha. Anachokera kuchulu.

Lettie sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono. Ankaima, n'kumvetsera. Ankayenda, n'kuimanso.

Uyo Fanuel! Anali kuseri kwa chulu. Kabudula yense anali chisoso chokhachokha. Lettie anamupukuta misozi. Anamubereka mpaka kunyumba.

Amayi atabwera, Lettie anawauza zonse.

"Amayi, makutu anga anandinamiza," anatero.

Amayi anamugwira khutu mwachikondi.

"M'khutu umu muli kanthu," anatero Amayi. "Kamakuthandiza kuti usagwe. Ukazungulira kwambiri, kamasokonezeka."

"N'chifukwa chake sindinadziwe kochokera mawu?"

"Mwina n'chifukwa chake, mwanawe."

Fanuel anatupitsa masaya.

"Ine ndimanena kuti kuno!" anatero. "Inu osabwera!"

Amayi anaseka. Lettie anasekanso, misozi ili m'maso. Onse anakhala pakhonde. Anayamba kuchotsa chisoso pa kabudula wa Fanuel.

Fanuel anafuna kutsika. Lettie anamukumbatira zolimba.

"Khala pompano," anatero Lettie. "Ndinakusowa, iwe."