Bokosi la Mayi Mable Silinakwere Ndege

Ku Hyattsville, ku Maryland kutsidya kwa nyanja, kunalibe Mmalawi wosawadziwa a Fryson Kachingwe. Iwo ndiwo anayamba ntchito yogulira anthu akwathu masheya a m'makampani, ndipo kunyumba kwawo munthu sankagwira mbale asanapemphere. Amayi a kumpingo, ogwira ntchito yosamalira nkhalamba, anawasungitsa thumba la maliro, loti wina akamwalira thupi lake lizipita kumudzi.

Mwana wawo Wilkins, mnyamata wa ndevu kale, ankagwira nawo mu ofesimo.

"Thumba ili salikhudza," ankatero bambo ake. "Masheya akwere bwanji, izi ndi ndalama za misozi."

Wilkins ankangoti eya, mtima uli pa galimoto yatsopano ya mnzake Mac.

"Mudala wako ngogona, aise," anatero Mac tsiku lina mu 1998. "Pali kampani ya makompyuta, mwezi umodzi ndalama zibereka katatu. Ubweza asanadziwe. Kodi angafe ndani mwezi uno?"

Kasainidwe ka bambo ake Wilkins ankakadziwa ngati kake. Anasaina, natapa theka la thumba lija. Masheya atagwa, anatapanso zotsala kuti abwezeretse. Ha, mwana wopanda mantha! Kampani ija inatsekedwa, Mac naye foni osayankha.

Sabata yomweyo Mayi Mable, amene sanaphonyepo kusonkha zaka khumi, anagwa kuntchito namwalira. Mwana wawo Christobel anafika ku ofesi maso ali psuu.

"Ankolo, amayi ankati tikawaike pafupi ndi amayi awo ku Ntcheu. A ndege akufuna ndalama pofika Lachisanu."

A Fryson anaimba kubanki. Anamvetsera, naika foni pang'onopang'ono.

"Wilkins, mwana wanga, dzina langa walilemba pati?"

Wilkins anagwada. Anathamanga mpaka ku Fairfax kupempha ngongole, anagulitsa wotchi ndi masuti, mpingo nawo unasonkha. Zonse zinangokwana manda a konkuno. Mayi Mable anaikidwa m'nthaka yozizira ya Maryland, ku Ntcheu abale akulira maliro opanda mtembo.

Pamanda paja Christobel sanatukwane. Anangomuyang'ana Wilkins nati, "Achimwene, agogo aamuna akufunsa kuti mwana wawo afika liti. Ndiwayankhe chiyani?"

Wilkins anapita kundende. A Fryson analandidwa chilolezo cha ntchito, ndipo kutchalitchi anayamba kukhala benchi yakumbuyo, nkhope ili pansi.

Iwe mnyamata, mvera. Chimene wasungitsidwa si chako, ngakhale tsiku limodzi. Wakuba aliyense amayamba ndi mawu akuti ndibweza, koma imfa siyembekezera kuti ubweze.