Ulendo Wobisa wa ku Lisbon

Jestina anaima pakhomo la kachipinda ka agogo ake ku Boitekong, kufupi ndi tauni ya Rustenburg. Bodza limene amayenera kunena analiphunzira m'galimoto, ndipo mphunzitsi wake anali bambo ake, a Vincent, amene tsopano ankadikira kumsewu injini ikulira.

"Ukawauze kuti tikupita ku Buffelspoort, kudamu, kukapumako pang'ono," anatero a Vincent akuimika galimoto. "Usakawonjezere kanthu."

"Koma adadi, ndi agogotu."

"Ndi amalume anga, ndikuwadziwa kuposa iwe. Ulendo wa ku Ulaya sitilengeza. Chaka chija ndinauza aliyense kuti ndikupita ku Dubai, lole yanga sinagubuduzike ndisanatsike n'komwe ndege? Anthu amakusekerera, koma mumtima mwawo simudziwika. Makamaka achibale."

A Vincent anafika ku Joni ali mnyamata, zovala zili m'jumbo, n'kuyamba kutsuka matakisi. Pofika chaka cha 2011 anali ndi malole onyamula mchenga ndi miyala kumigodi ya Rustenburg, nyumba ya mpanda m'tauni, ndi pasipoti yodzaza zidindo imene ankaionetsa ngakhale kwa munthu wongofunsa njira. Amene anawalandira atangofika anali amalume awo, a Lucius, mtchona wa ku Dedza amene anakumba pansi pa nthaka mpaka fumbi linakhazikika m'chifuwa. Amayi a Jestina atamwalira, a Lucius ndiwo ankamutenga kusukulu, kumuphikira, ndi kumuluka tsitsi mokhotakhota mpaka anzake ankamuseka.

Jestina anawapeza akuwotha mbaula ya parafini, chifukwa Juni wa ku Rustenburg sachita nthabwala.

"Wabwera mkazi wanga," anatero a Lucius, monga amachitira agogo pocheza ndi mdzukulu. "Ndimati wandithawa, wapeza mwamuna wa mano onse."

"Mano onse n'kumandithera nyama? Ine ndi inu basi, agogo."

Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma, Jestina anawauza kuti Loweruka sabwera chifukwa akupita kudamu ndi bambo ake. Anawayang'ana m'maso ponena, poopa kuti akayang'ana pansi azindikira.

"Kudamu mwezi uno? Bambo ako mutu ukuyenda bwino? Kumeneko kumazizira." Anasendeza manja kufupi ndi mbaula. "Ife masiku athu tinkangoonera pageti malo amenewo. Ukandionereko bwino, udzandifotokozere."

Hutala inalira kumsewu. Jestina anatuluka mothamanga, jekete lake n'kuliiwala pampando.

Lisbon ndi mzinda wa Apwitikizi womangidwa pamapiri, ndipo amene anapondako amadziwa kuti miyendo imatopa maso asanakhute. A Vincent ndi Jestina anafika m'mawa kunja kukutentha, chifukwa kuno kukamazizira kumeneko ndiye chilimwe. A Vincent sanalole n'komwe kuti apume. Anakwera kasitima kachikasu koyenda pakati pa msewu, kamene kamalira ngati chitseko chakale pokwera chitunda, n'kumadutsa m'tinjira topanikiza mwakuti munthu akhoza kutulutsa dzanja n'kuanula malaya a eni ake pawindo. Nyumba zake zinali zokutidwa ndi matailosi abuluu kuyambira pansi mpaka kudenga. Pamwamba pa phiri panali linga lakalekale, ndipo ataima pamenepo anaona madenga ofiira akutsetsereka mpaka kumtsinje waukulu umene mlatho wake unkaoneka ngati sufika tsidya.

"Ndijambule apa," anatero a Vincent, dzanja lili m'chiuno. "Mlatho uoneke, wotchi ionekenso. Mwana wa ku Dedza ameneyu, wotsuka matakisi uja."

Chakudya ndiye sanachisiye. Ku Belém, pafupi ndi nsanja yoima m'mphepete mwa madzi, anaima pamzere wautali kudikira timakeke ta mazira ndi mkaka. Tinabwera totentha, pamwamba popserera pang'ono, tofewa m'kati mwakuti Jestina anatseka maso poluma. Masana anadya nsomba youma yamchere yophika ndi mbatatesi, a Vincent n'kuseka mpaka azungu a patebulo lina anacheuka.

"Bakayawo yemweyu wa kwathu, kuno akumudya ndi foloko. Iwe bwana, bweretsa inanso mbale."

Woperekera chakudya sanamve Chichewacho, koma mbale inabwera.

Anapezanso mzinda uli pachikondwerero cha Antonio Woyera. M'tinjira ta kumalo akale anthu anamangirira mapepala amitundumitundu, ndipo pakhomo lililonse panali mbaula yowotchera nsomba zonona zimene ankaziika pa buledi, mafuta n'kumalowerera. Utsi unali ponseponse. Dzuwa linkachedwa kulowa ngati nalonso likufuna kuvina nawo. A Vincent anavina ndi gogo wina wachizungu wovala zakuda, anthu n'kumawomba m'manja.

Jestina anasangalala, n'zoona. Koma paliponse pamene waona chokongola, ankayamba kukonza mumtima mmene akafotokozere agogo, kenako n'kukumbukira kuti agogo akudikira nkhani ya damu. Pa kashopu kena anaona zipewa zaubweya zimene madoda a kumeneko amavala, n'kugula chimodzi chotuwa.

"Adadi, tingowaimbira foni. Tafika kale, palibe chingachitike."

"Tafika, koma sitinabwerere. Foni ikhale yozima. Chinthu chimakoma kuchinena chitatheka."

Atabwerera, a Vincent anaitana anthu kunyumba kwawo Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Anagula nyama yowotcha, nalumikiza kamera ku kanema wamkulu wa pabalaza. Jestina sanapite ku Boitekong sabata imeneyo. Ankadziuza kuti ntchito ya kusukulu yachuluka, koma chenicheni chinali mantha.

Kunabwera machona a mumpingo ndi akazi awo. Asani, dalaivala wa a Vincent, anakatenga a Lucius pamodzi ndi a Redson, mnzawo wa kumgodi amene ankakhala chipinda choyandikana nawo. A Lucius analowa pang'onopang'ono atanyamula jumbo, masaya atalowa m'kati. Jestina anawagwadira powapatsa moni. Anamuyankha mwaulemu, osamuseka.

"Abale anga," anayamba a Vincent ataima pakati, chakumwa chili m'manja, "ena mwa inu munamva kuti ndinali ku Buffelspoort. Ine? Kukaona madzi a m'damu ngati ng'ombe? Tayang'anani apa."

Pakanema panaoneka a Vincent, mlatho wofiira uli kumbuyo kwawo. Anthu anakuwa, ena n'kuimirira kuti aone bwino. Zithunzi zinatsatizana: kasitima, linga, nsomba, gogo wovina uja. A Vincent ankafotokoza chilichonse ndi manja ndi miyendo yomwe, n'kumatchula mayina achipwitikizi ngati anabadwira komweko.

"Vincent."

Mawuwo sanali okweza, koma aliyense pabalaza anacheuka. A Lucius anali atatsamira ndodo yawo.

"Ulendo umenewu anaudziwa ndani?"

"Palibe, malume. Ndinafuna kuti mudzangodabwa."

"Kubwalo la ndege munauluka nokha?"

"Anatiperekeza Asani."

"Agalu aja ankadya mpanda?"

"Aneba ankawapatsa chakudya."

"Ndipo mwana sangajombe kusukulu aphunzitsi osadziwa." A Lucius anagwedeza mutu. "Dalaivala anadziwa. Wodyetsa agalu anadziwa. Aphunzitsi anadziwa. Tandiuza pamaso pa anthuwa, kwathu ulendo timabisira munthu wotani?"

A Vincent anayesa kuseka. "Malume, zimenezo n'zakale."

"Ayikona. Ukanakhala kuti umaziyesa zakale ukanandiuza. Timabisira mfiti. Timabisira munthu amene tikuopa kuti atitchera njira. Unafika kuno nsabwe zili m'mutu, ndinakumeta ndine. Bulangete linali limodzi, ndinakufunditsa iwe. Ndikanafuna kukulodza ndikanadikira kuti ugule malole?"

A Lucius anapisa m'jumbo, natulutsa jekete la Jestina litapindidwa bwino, n'kuliika patebulo pafupi ndi mbale ya nyama.

A Redson ndiwo anafotokoza, maso ali pansi. Loweruka lija a Lucius ataona jeketelo anati mwana azizidwa kudamu. Anakwera takisi mpaka m'tauni, ina mpaka ku Mooinooi, kwinako n'kuyenda pansi. Anafunsa pageti lililonse la malo ogona alendo. Alonda ena anawayankha bwino, ena anawathamangitsa powayesa wopemphetsa. Foni ya a Vincent inali yozima, ndiye anaganiza kuti mwina achita ngozi panjira, mpaka anakafunsa kupolisi. Anabwerera ku Boitekong akunjenjemera, ndipo mawa lake a Redson anawatengera kuchipatala.

"Mukanatiuza kuti mwadwala," anatero a Vincent motsitsa mawu.

"Ndikanakuuzira kuti? Kudamu?"

A Lucius anaimirira, a Redson n'kuwagwira mkono. Jestina anathamangira kuchipinda, natenga chipewa chija, n'kuwapeza pageti.

"Agogo, ndinakugulirani ichi. Pepani. Adadi ndi amene anati..."

"Bambo ako ndi wamantha, ndinamudziwa kalekale. Munthu akakwera kwambiri amayamba kuopa aliyense ali pansi." Analandira chipewacho ndi manja awiri, nachiika m'jumbo osachiyesa. "Koma iwe unandiyang'ana m'maso."

Atabwerera m'nyumba, Jestina anapeza bambo ake akuuza alendo kuti okalamba amatero, mtima ukhala pansi pakapita masiku. Anapitiriza kuonetsa zithunzi, koma anthu anayamba kutsanzika mmodzimmodzi, nyama isanathe n'komwe.

Kuyambira pamenepo Jestina ankapita ku Boitekong pafupipafupi. Ankasesa, kuchapa, kugula parafini. A Lucius ankamulandira, kumuthirira tiyi ndi kumufunsa za kusukulu ngati mmene munthu amafunsira mwana wa mlendo. Nthabwala zija zinatha. Tsiku lina Jestina anagwada n'kupepesanso akulira, osatchula bambo ake.

"Ndamva," anatero a Lucius. "Imwa tiyi, azizira."

A Vincent ankangoti apita mawa. Mawa likafika, lole yafa ku Photsaneng, kapena kuli msonkhano ndi mabwana a kumgodi. Mwezi unatha. Loweruka lina m'mawa Jestina anatenga makiyi a galimoto n'kuima nawo pakhomo la chipinda cha bambo ake.

"Lero tipita, adadi. Mukapanda kupita, ine ndikakhala komweko."

A Vincent anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anavala nsapato. Panjira anagula shuga, mafuta, nkhuku ndi bulangete lalikulu, n'kumayeserera mawu opepesa chapansipansi.

Anapeza chitseko cha kachipinda chili chotsegula. M'kati munali mnyamata wachilendo akukhoma msomali pakhoma, matiresi ake ali pansi. Mbaula ya parafini munalibe, mpando uja munalibenso. A Redson anatuluka m'chipinda chawo akupukuta m'manja.

"Anapita Lachitatu," anatero. "Basi ya ku Lilongwe. Pano afika kale ku Dedza."

"Kukaona anthu?" anafunsa a Vincent.

"Kukakhala. Anati chifuwa chimenechi chikawathere kwawo."

"Osatsanzika? Munthu angachoke bwanji chonchi, zaka zonsezi?"

"Anatsanzika. Mpingo wonse unadziwa, tinawachitira mapemphero, tinawaperekeza kokwerera basi. Ngakhale mayi wogulitsa tomato pakona paja anawapatsa kamba wa panjira." A Redson anayang'ana katundu amene anali m'manja mwa a Vincent. "Anangoti inu tisakuuzeni."

Jestina anasuzumiranso m'kachipinda muja. Lolemba la sabata yomweyo anali m'chipindamo, akuchapa makapu, ndipo agogo anamuyang'ana n'kumuuza kuti ayende bwino.

"Sanasiye mawu anga?" anafunsa.

A Redson anaganiza kaye, ngati akufunafuna kanthu koti amupatse.

"Ayi, mwanawe. Sanasiye."

A Vincent anaika katundu pansi, natulutsa foni. Anayendetsa chala pamayina kuyambira pamwamba mpaka pansi. Munali manambala a ku Dubai, a ku China, a hotela ya ku Lisbon, a mabwana a migodi. Ya munthu wa kumudzi kwawo munalibe ngakhale imodzi. Anakhala pansi pakhonde la eni ake, fumbi la ku Boitekong osalisamala.

Jestina anapukuta misozi ndi mkono, natembenukira kwa a Redson.

"Agogo a Redson, mundilongosolere njira ya kumudziko. Tikatsekera sukulu mu Disembala ndikupita ku Dedza." Kenako anayang'ana bambo ake. "Ndakuuziranitu, adadi. Mawa ndikauzanso anthu onse kutchalitchi."